Mpendero wa Diresi la Tinyade

Senderani kuno, ndipo ngati pali mwana amene wagona pamphasa, mufunditseni kaye. Nkhani iyi inachitika ku Chinsapo, mu mdadada wa nyumba za lendi zoyang'anizana ndi chigayo. M'nyumba yakumapeto munkakhala Ndaziona, mwamuna wake Wyson, ndi mwana wawo wamkazi Tinyade, amene panthawiyo anali asanayambe ngakhale sukulu ya mkaka.

Ndaziona anali ndi mkulu wake, Esinati, telala wa pakhonde la golosale ina pamsika. Esinati sanaberekepo, ukwatinso unamukanika kawiri, choncho mtima wake wonse unathera pa Tinyade. Akaweruka ankadzera kwa mng'ono wakeyo atatenga kansalu kotsala kwa makasitomala, n'kuimika mwanayo kukhoma.

"Ima njo ngati msilikali, kamayi. Usapinde mawondo."

Akatero ankamuyesa ndi tepi, pamapewa, m'chiuno, mpaka m'mawondo. Koma panali chinthu chimodzi chimene Esinati sankalephera. Diresi lililonse la mwana ankalisiyira mpendero waukulu, nsalu yopinda m'munsi kangapo, yoti n'kumasula mwana akatalika.

"Achemwali, mpendero wake umenewu? Mwana azilemedwa ngati wavala lona," ankadandaula Ndaziona.

"Iwe sudziwa kanthu. Mwana ndi chimanga cha kudimba, ukatembenuka watalika. Telala wosasiya mpendero ndiye kuti akumufunira mwana zoipa."

Esinati analinso ndi chizolowezi china. Anthu amati matelala ndi abodza, ndiye iye ankatsamiritsa foni yake pachitini cha mabatani n'kujambula manja ake akudula ndi kusoka, kuti kasitomala aone yekha kuti nsalu yake yagwiridwa. Nkhope sankaionetsa. Ankati nkhope sisoka. M'mavidiyomo munkaoneka manja okha, chala chachikulu chakumanzere chili ndi chipsera cha singano, ndipo munkamveka kanyimbo kamene ankang'ung'udza kopanda mawu.

M'nyengo yozizira Esinati anadwala mutu, ndipo sabata isanathe anapita. Anakamuika kwawo ku Kamphata. Tsiku la kumeta, atsibweni awo, a Gwedeza, anayala mphasa pabwalo n'kunena kuti chilichonse chimene malemu ankagwira chibwere pamenepo. Anabweretsa makina osokera, sizasi, tepi, choko, zovala, ngakhale chitini cha mabatani chija. A Gwedeza anagwada n'kulankhula motsitsa, monga amachitira kwawoko.

"Esinati, zako zonse ndi izi. Ntchito yako yatha. Palibe amene akutumenso. Gona."

Kenako anatembenuka. "Nanga foni ija? Anali nayo foni mwanayu."

Wyson ndiye anaisunga kuchipatala. Anayankha maso ali pansi. "Inasowa muwodi muja, atsibweni. Anthu a m'tauni mukuwadziwa."

Palibe anafunsanso. Ndaziona yemwe anakhulupirira.

Tsono Wyson uyu anali munthu wa benchi ndi kompyuta yakale pamsika, wolowetsera anthu nyimbo m'mamemori. Anthu atayamba kudzipezera okha nyimbo m'mafoni mwawo, benchi ija inasanduka pogona agalu. Msuweni wake wa ku Joni anamuuza kuti masiku ano anthu akudyera timavidiyo tatifupi ta pa intaneti, ndipo sipafunika kuonetsa nkhope. Ukakhala ndi anthu ambiri oonera, ndalama imalowa yokha. Msuweniyo anamutsegulira tsamba n'kulonjeza kuti azimutumizira ndalama za m'menemo. Wyson anakondwa kwambiri ndi zosaonetsa nkhopezo, chifukwa ankaopa kusekedwa ndi anzake a kusekondale, ndiponso ankati munthu ukadziwika achibale amachuluka.

Anayesa za mpira, anthu sanaonere. Anayesa miyambi ataika zithunzi za mikango, anaonera ndi msuweni wake yekha. Ndaziona sankalowerera. Anangomuuza chinthu chimodzi, atamuloza chala.

"Bambo a Tinyade, chitani zanuzo, koma nkhope ya mwana wanga isaoneke kumeneko. Dziko ladzaza ndi anthu a maso oipa."

"Ndalumbira, mayi a Tinyade. Nkhope ayi."

Patapita miyezi ingapo chiikireni maliro, zinthu zinasintha. Wyson anayamba kubwera ndi nyama m'jumbo pakati pa sabata. Anagula sofa. Anamugulira Tinyade nsapato zowala akamaponda. Ndaziona akafunsa, iye ankangoseka.

"Nzeru, mayi. Ena amagwira khasu, ena amagwira bandulo ya intaneti."

Zodabwitsa zinayamba pang'onopang'ono, moti poyamba Ndaziona ankadziimba mlandu yekha. Tsiku lina akusesa anapeza singano itabayidwa m'mphepete mwa mphasa ya mwana, ili ndi ulusi wachikasu. M'nyumbamo munalibe ulusi wachikasu. Tsiku lina kasiketi ka Tinyade kamene kanang'ambika pamsomali kanasowa pachingwe, ndipo anakapeza m'beseni katasokedwa bwinobwino, msoko wake wowongoka ngati wa makina. Anafunsa a Nangozo, mayi wogulitsa makala wa khomo loyandikana nalo, ngati ndiwo anamuchitira chifundo.

"Ine? Ndi maso angawa? Ndimalephera kulowetsa ulusi pasingano. Komatu inu ndimati ndikufunseni. Mwagula makina osokera osatiuza?"

"Makina ati?"

"Amene amalira masana aja, inu mukapita kotunga madzi. Ndimati mwina bambo a kwanu aphunzira utelala, poti masiku ano akuoneka ochenjera."

Ndaziona anaseka modzikakamiza. Atalowa m'nyumba anaima phee. Munkamveka kafungo ka mafuta a makina, kamene kankamveka pa zovala za Esinati.

Madzulo ena a Nangozo anamuitananso. Ulendo uno sankaseka.

"Kunabwera mlendo wanu dzuwa likulowa. Mayi, atafunda chitenje kumutu. Anaima apo pamulu wa makala. Anati, kodi nyumba ya bambo amene amandituma ntchito ndi iti?"

"Ndani dzina lake?"

"Sindinafunse. Nkhopenso sindinaione, mayi anga, chitenje chinaphimba. Ndinangoona manja. Ndinawerama kuti ndimange jumbo ya kasitomala, podzuka munthu palibe. Koma agalu a kuchigayo analira mpaka mdima."

Choonadi chinamupeza Ndaziona pampope, pamzere wa zidebe. Mtsikana wina kutsogolo kwake ankaonera foni, anzake atamuunjirira. Pakati pa phokoso la madzi ndi mikangano ya amayi, Ndaziona anamva kanyimbo. Kopanda mawu, kokwera pang'ono n'kutsika. Anasendera pafupi. Anasuzumira paphewa la mtsikanayo ndipo anaona manja akuyendetsa nsalu pansi pa singano, chala chachikulu chakumanzere chili ndi chipsera.

"Mwaitenga kuti imeneyi?"

"Simukuwadziwa a Manja Okha, anti? Aliyense akuonera. Palibe akudziwa kuti ndi ndani. Ena akuti ndi mayi wa ku Zomba, ena akuti ndi mwamuna. Amatonthoza mtima bwanji! Ine sindigona osaonera."

Chidebe anachisiya pamzere pomwepo. Anapeza Wyson atakhala pasofa, mahedifoni kukhutu, m'manja muli foni yakuda yosweka pakona. Foni ya Esinati. Anamuzula mahedifoni aja mpaka chingwe chinaduka.

"Inasowa muwodi?"

Wyson anayesa kuibisa pansi pa ntchafu, ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

"Tamverani kaye, mayi a Tinyade."

"Munanamiza atsibweni pamphasa ya maliro! Anthu atameta, misozi isanaume, inu foni ili m'thumba!"

"Ikanakathera kwa ndani? Akanaipereka kwa mwana wina wakumudzi azimvera wailesi. Ine ndaigwiritsa ntchito. Nyama mwakhala mukudyayi mumati ikugwa kumwamba?"

"Ndakhala ndikudya manja a mkulu wanga?"

"Alamu anapita, mayi. Akufa sadya, salipira lendi. Ndipo ndani akuwadziwa? Nkhope mulibe, dzina mulibe. Ndalakwira ndani?"

"Atsibweni anawauza kuti ntchito yawo yatha, palibe amene awatumenso. Inu mukuwasoketsa usana ndi usiku m'mafoni a dziko lonse, kenako mukufunsa kuti mwalakwira ndani? Munthu wopanda manyazi inu! Fisi amadikira kuti anthu achoke kumanda, inu simunadikire n'komwe."

A Nangozo anakhosomola panja kuti adziwe kuti khoma ndi lopyapyala. Wyson anatsitsa mawu. Analonjeza kuti asiya. Anati atsala mavidiyo ochepa okha, akatha amenewo foni apita nayo yekha ku Kamphata. Ndaziona anafuna kuilanda, koma Tinyade anadzuka n'kuyamba kulira, thupi lili lotentha, ndipo nkhani inathera pamenepo.

Kutentha thupi kuja sikunachoke. Kuchipatala anamuyeza magazi, anati malungo mulibe, anamupatsa mankhwala a madzi. Mwana amene ankathamangitsa nkhuku za eni ake tsiku lonse anayamba kukonda kugona. Akadya supuni ziwiri za phala, tulo. Nsapato zowala zija zinangokhala pakona. Ndaziona ankamuika dzanja pamphumi kosalekeza, kumuyang'ana pachifuwa ngati akupuma, kuwerenga pepala la mankhwala mobwerezabwereza ngati lisintha mawu.

Tsiku lina masana mwanayo anatsegula maso n'kunena bwinobwino, "Amayi aakulu akuti ndisamagwedezeke."

"Amayi aakulu ati, mwanangu?"

"Manja awo akuzizira." Anatero n'kugonanso.

Ndaziona sanadikire chilolezo. Wyson ali kubafa, anapisa m'thumba la jekete lake n'kutulutsa foni ija. Nambala yotsegulira ankaidziwa, chinali chaka chimene Tinyade anabadwa. Anayamba kuonera mavidiyo kuyambira akale.

Akale aja ankawazindikira: thebulo la pakhonde la golosale, phokoso la msika kumbuyo. Koma panali ena. M'menemo munalibe phokoso la msika. Munkamveka chigayo. Manja ankayala nsalu yachikasu ya timaluwa toyera pansi pa simenti, ndipo simentiyo inali ndi mng'alu wokhota ngati mtsinje. Ndaziona anachotsa maso pafoni n'kuyang'ana pansi pamene anaponda. Mng'alu womwewo unadutsa pakati pa mapazi ake.

Wyson anamupeza ataima chomwecho.

"Awa anajambula ndani?"

Wyson anayamba kupukuta m'mutu ndi thaulo.

"Ndikufunsa inu! Mkulu wanga sanasokerepo m'nyumba muno. Makina ake ali ku Kamphata. Awa anajambula ndani?"

"Ndimangowapeza," anatero motsitsa. "Akale aja anatha kalekale. Nditaponya womaliza, kutacha ndinapeza wina watsopano. Ndinkaganiza kuti mwina anabisika penapake m'foni. Mafoni amatero nthawi zina."

"Mafoni amatero? Simenti ya nyumba yanu simukuidziwa?"

"Ndinaiona."

"Munaiona. Ndiye munatani?"

"Ndinaponya." Anapukuta nkhope ndi thaulo ngakhale inali youma. "Simukumvetsa, mayi a Tinyade. Atsopanowa ndi amene anthu akuwakonda kwambiri. Akufuna aone diresi likatha. Ndikadumphitsa tsiku amalemba zonyoza, ena amachoka. Ndimati likangotha basi ndisiye."

Chala cha Ndaziona chinali chitatsegula kale vidiyo ya dzulo lake. Munali mphasa. Pamphasapo panagona mwana chagada, nkhope ili kunja kwa chithunzi. Manja aja anabwera ndi tepi. Anaika nsonga yake pamwamba pa mutu, n'kuikoka pang'onopang'ono m'mbali mwa thupi mpaka kuchidendene. Kenako anayesa m'lifupi mwa mapewa. Pansi pake anthu anali atalemba mitima yofiira ndi mawu oti kamwana kokongola, mayi wachikondi, Mulungu adalitse manja amenewa.

"Nkhope sikuoneka," anatero Wyson msangamsanga. "Ndinayang'anitsitsa ndisanaponye. Lumbiro lija sindinaphwanye."

Mbama imene anamupatsa inamveka mpaka kwa a Nangozo.

Wyson anakulira m'tauni, maliro ankawaonera patali, ataima ndi anzake kumsewu. Koma Ndaziona analipo m'nyumba ya siwa ku Kamphata pamene adzukulu, anthu okumba manda, analowa ndi bango. Anaona mmene analigonekera m'mbali mwa Esinati, kuyambira kumutu mpaka kuchidendene, n'kulidula, kenako lina la m'mapewa, kuti akayesere dzenje.

"Munthu wamoyo amamuyesa ataimirira!" anakuwa. "Wogona amamuyesa ndi adzukulu okha! Mwana wanu akumuyesa manda inu mukuwerenga mitima yofiira!"

Anabwezera vidiyo ina, ya kudula nsalu. Anaonera kawiri. Sizasi inadutsa ndendende pamzere wa choko. Panalibe chala ngakhale chimodzi chotsalira m'munsi. Esinati, amene sanasokepo diresi la mwana lopanda mpendero, anali akusoka diresi la mwana amene sadzatalikanso. Ndipo mu vidiyo yomaliza, ya tsiku lomwelo, manja a diresi anali atalumikizidwa kale, kolala itatha. Kunatsala m'munsi mokha.

Pamenepo mantha anamugwira Wyson. Anatenga foni yake n'kuyamba kufufuta. Anafufuta mavidiyo onse, anatseka tsamba. Ndaziona anazimitsa foni ya Esinati, kuikulunga m'chitenje, kuiponya m'ndowa n'kuvundikira ndi beseni.

Kunali kukuda. Magetsi anazima monga amachitira, chigayo chinaleka, ndipo mdadada wonse unangoti zii. Mu bata limenelo anamva kanyimbo kaja. Sikanachokere m'ndowa. Kankachokera kuseri kwa khoma, kwa mwana wa a Nangozo. Kenako kanayamba khomo lachitatu. Kenako kumsewu, m'thumba la munthu wodutsa. Wyson anali atafufuta zake, koma anthu anali atakopera kale, kutumizirana, kuponyanso pamasamba awo. Manja a Esinati anali akusokabe m'nyumba iliyonse, ndipo panalibe wozimitsa.

Kenako makina anayamba kulira m'nyumba momwemo.

Sankalira ngati a m'foni. Ankagwedeza simenti. Ankamveka pakona pamene panali nsapato zowala zija, ndipo nsapatozo zinkathwanima zokha, kuzima, kuthwanimanso, ngati pali phazi limene likupalasa pafupi. Pakonapo panali mdima wochindikala kuposa mdima wina wonse. Fungo la mafuta linadzaza m'chipinda. Wyson anabwerera chambuyo mpaka msana unagunda chitseko, n'kukhala pansi pomwepo, pakamwa pali yasa.

Tinyade anali gone pamphasa, manja ali m'mbali, miyendo yowongoka, mmene mwana sagonera. Mpweya wake unali wochepa ngati wa kamwana ka mbalame.

Ndaziona anali munthu wamantha chibadwire. Ankaopa agalu, ankaopa kuwoloka msewu waukulu, ankawiritsa madzi amene ena ankamwa osawiritsa. Koma madzulo amenewo mantha anapsa onse, kunatsala ukali wokha. Anagwada, kunyamula mwana wake m'khwapa, n'kumuimika kukhoma, pamalo pomwe paja pamene Esinati ankamuimika. Mutu wa mwanayo unagwera kutsogolo, mawondo anapindika. Anamugwira chibwano ndi dzanja limodzi, bondo lake n'kutchinga timawondo tija.

"Ima njo, Tinyade. Ima njo ngati msilikali."

Makina analeka.

"Achemwali," anatero Ndaziona, osatembenuka. "Ndikudziwa kuti mwabwera. Ndikudziwa kuti mwatopa. Anakuuzani kuti mugone, wina n'kukudzutsani kuti muzimugwirira ganyu wopanda malipiro. Mwakwiya, inenso ndakwiya. Koma mwalakwitsa khomo. Mwanayu anakuberani chiyani?"

Kumbuyo kwake kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati kachitsulo ka kunsonga kwa tepi kakukhwekhwereza pasimenti.

"Ayi! Musandiyandikire mwakachetechete ngati wakuba. Ine ndi Ndaziona, amene munkandibereka kumbuyo popita kudimba. Munandiuza ndinu, pakamwa panu, kuti telala wosasiya mpendero akumufunira mwana zoipa. Lero mwadula pamzere? Inu? Mwana amene munkamutafunira nzimbe? Manyazi akugwireni, achemwali! Ngati kumeneko mukusowa mwana, uyu si wanu wotenga. Ndinamubereka ndine, ndipo akula. Adzapita kusukulu, adzatalika kuposa ine ndi inu. Mukufuna kumuyesa? Ndi uyu, waimirira. Muyeseni ngati munthu!"

Kuzizira kunafika pakhosi pake poyamba, kenako kunatsika m'mkono mpaka padzanja limene linagwira chibwano cha mwana. Sanayang'ane. Anatseka maso n'kulimbitsa dzanja. Anamva chinthu chopyapyala chikudutsa pakati pa mkono wake ndi phewa la mwana. Kachitsulo kanagunda khoma, kamodzi pamwamba, kamodzi m'chiuno, kamodzi m'mawondo. Pamenepo kanaima.

"Pitirizani," anatero Ndaziona, mano ali gwa. "Musaime pamenepo. Siyani mpendero."

Palibe chinayenda.

"Ndati siyani mpendero! Nsalu ikachepa mukaitenge kumene mukudziwa. Ndipo ngati mukufuna amene anakudzutsani, musavutike n'kufunsa a Nangozo. Ndi uyo wakhala pachitsekoyo."

"Mayi a Tinyade!" analira Wyson.

"Khalani chete! Mwabisala mokwanira."

Kachitsulo kaja kanatsika. Kanagunda khoma m'munsi mwa mawondo, kanatsikanso, kanatsikanso, mpaka kanafika pasimenti n'kupitirira kukhwekhwereza pansi, kutali, kulowera kukona. Kuzizira kunachoka padzanja lake. Makina anayambanso, koma tsopano ankalira mofatsa, ulendo wautali wosadukiza, mmene ankalirira pakhonde la golosale Esinati akamamaliza ntchito yoti apite kwawo. Ndaziona sanamukhazike mwanayo pansi. Mikono inachita dzanzi, msana unawawa, koma anamuimikabe mpaka makinawo anatha okha, ndipo m'nyumba za anthu timanyimbo tija tinazima kamodzikamodzi.

Ndiye Tinyade anayetsemula. Anadzutsa mutu yekha n'kuyang'ana mayi ake mokwiya.

"Amayi, mukundipweteka chibwano. Ndikufuna phala."

Thukuta linali litamunyowetsa thupi lonse, ndipo mphumi inali itazizira.

Kutacha anapeza diresi lachikasu la timaluwa toyera litapachikidwa pachingwe cha m'chipinda, lositidwa. M'munsi mwake munali molemera ngati lona. Ndaziona anavundukula beseni n'kutulutsa foni m'chitenje. Inali yoyaka, ngakhale anaizimitsa yekha. Munali vidiyo imodzi yatsopano. Manja ankapinda nsalu m'munsi mwa diresi, kupinda, kupindanso, mpaka iye analeka kuwerenga. Kenako chithunzi chinasuntha. Chinaonetsa sofa, ndi miyendo ya munthu wamkulu wogona, zidendene zong'aluka. Manja aja anafika ndi tepi n'kuika nsonga yake pachidendene. Sanaikoke. Anangoigwira pamenepo, kudikira.

Wyson anali akadali m'tulo pasofa pomwepo, pamene anagwera m'bandakucha. Ndaziona anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, foni ili m'manja. Kenako anamenya sofayo ndi phazi.

"Dzukani. Imirirani, msanga."

Anamuonetsa. Wyson anadzambatuka. Anavala nsapato osamanga zingwe, ndipo tsiku lomwelo anali ku Kamphata. A Gwedeza sanalole kuti nkhaniyo ikambidwe m'nyumba. Anayalanso mphasa pabwalo n'kuitana mbumba yonse, ndi adzukulu omwe, ndi ana amene ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe. Munthu amene ankadya osaonetsa nkhope anagwada pakati pa anthu onsewo dzuwa lili pamutu, n'kuika foni pamphasa ndi manja awiri.

"Dzutsa mutu, mkamwini," anatero a Gwedeza. "Tikuone bwino. Mwini wakenso akuone."

Adzukulu anaitenga foniyo n'kulowa nayo kumanda okha. Zimene anakachita nayo sanauze munthu. Wyson anabwerera ku Chinsapo, sofa anagulitsa, ndipo lero amakankha wilibala ya matumba pachigayo paja. Masana, ngakhale atatope bwanji, sagona. Amapumira choimirira, atatsamira khoma.

Mavidiyo aja akuti akadayendabe m'mafoni a anthu, koma amene anawasunga amadandaula kuti anawonongeka. Mumaoneka nsalu ndi makina, singano itaima. Manja mulibe.

Diresi lija Ndaziona sanalitenthe, ngakhale a Nangozo anamuuza kuti atero. Mphatso ya mkulu wako suikana kawiri. Tinyade amalivala Lamlungu, ndipo chodabwitsa n'chakuti m'mapewa silimuthina. Panopa ali sitandade 2, wamtali ngati bango la kudambo. Diresi likafika pamwamba pa mawondo, mayi ake amakhala pakhomo ndi lezala, kumasula ulusi wachikasu mosamala, n'kutsitsa mpendero umodzi. Pansi pake amapeza wina wopindidwa bwinobwino, ukudikira.

Tsiku lina a Nangozo anamupeza akuchita zimenezi, ndipo anatambasula dzanja kuti apapase m'munsimo.

"Tiyeni tione kuti yatsala ingati."

Ndaziona anawamenya dzanjalo, mayi wamkulu ngati ameneyo, n'kukumbatira diresi pachifuwa.

"Musawerenge," anatero. Ndipo anaitana mwana wake, amene ankathamangitsa nkhuku kuseri, kuti abwere adzaime kukhoma.